Waya akaduka, babu siliyaka

Tsiku lina nditamaliza phunziro la magetsi ku Fomu 3, mnyamata wina anatsalira m'kalasi. Anzake atatuluka, anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu: "Aphunzitsi, ndinapukutira thaulo la mnzanga ku hostel, ndiye ndamva kuti amamwa ma ARV. Basi ndatenga eti?" Anali atatha masiku atatu osagona tulo.

Pabolodi panali chithunzi cha batire, waya ndi babu. Ndinamufunsa kuti, "Waya akaduka pakati, babu liyaka?" Anati ayi. Nkhani ya HIV ilinso choncho. Pamafunika gwero, lomwe ndi magazi, umuna, ukazi kapena mkaka wa m'mawere wokhala ndi kachilombo kokwanira. Pamafunikanso njira yoti madziwo afike kwa iwe asanaume, komanso khomo lolowera, monga bala kapena khungu lofewa la mkati mwa maliseche. Chimodzi chikasowa, waya waduka.

Pa thaulo, kapu kapena pokhalira pa chimbudzi, waya ameneyu amakhala ataduka pawiri. Choyamba, madzi amauma, ndipo HIV imafooka msanga kunja kwa thupi. Tizilombo ta chinzonono ndi chindoko natonso tinazolowera chinyezi ndi kutentha kwa 37°C, moti tikauma sitichedwa kufa. Chachiwiri, khungu lopanda bala lili ngati pulasitiki yokutira waya. Malovu, thukuta ndi misozi sizifalitsa HIV. Nanga udzudzu? Umakulavulira malovu ake, osati magazi a munthu wina, ndipo HIV sichulukana m'thupi mwake ngati mmene tizilombo ta malungo timachitira.

Ine maganizo anga ndi akuti mantha oterewa ndi owononga, chifukwa amaloza kolakwika. Mnyamata uja anali atasiya kale kudyera limodzi ndi mnzakeyo. Chonsecho munthu amene amamwa ma ARV mokhulupirika, mpaka kachilombo kuchepa kosaonekanso poyeza, sapatsira mnzake ngakhale pogonana. Tikamamusala tikumupweteka pachabe, ndipo ena amabisa mankhwala n'kumadumphitsa kumwa poopa kusekedwa.

Wina anganene kuti, "Komabe kusamala n'kwabwino." Zoona, koma samalani poyenera. Thaulo lobwereka lingakupatseni mphere kapena zipere, choncho aliyense akhale ndi lake. Lezala ndi singano ndiye osabwerekana n'komwe, chifukwa zimaboola khungu, ndipo kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamatha kukhala ndi mphamvu m'magazi ouma kwa masiku 7. Koma njira yaikulu ndi kugonana kosadziteteza. Chodabwitsa n'chakuti ena amaopa kapu ya mnzawo, koma za kondomu sazilabadira.

Ngati waya walumikizikadi, kaya mwagonana mosadziteteza, mwagwiriridwa kapena mwabayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, musakhale n'kumalira kuchipinda. Thamangirani kuchipatala pasanathe maola 72 kuti mukalandire PEP, mankhwala omwa masiku 28 oteteza ku HIV. Mukaona mafinya, zilonda kapena mukamva kuwawa pokodza, pitaninso msanga. Chinzonono ndi chindoko zimachizika.

Mnyamata uja anapuma mpweya wautali, n'kutola chikwama chake. Ali pakhomo ndinamuitananso: "Iwe, madzulo ano ukadye nsima ndi mnzako uja."