Luso la m'manja lili ndi msika

Zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, funso m'makomo ambiri limakhala limodzi: kodi mwana apita ku yunivesite? Akapanda kusankhidwa, ena amaona ngati tsogolo lake latha. Maganizo amenewa akutipweteka.

Taonani kumene ntchito zikupezeka. Nyumba zikumangidwa ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, ndipo zikufuna amisiri omanga, akalipentala, owotcherera zitsulo ndi oika mawaya a magetsi. M'midzi momwe magetsi a ESCOM sanafike anthu akugula masola, koma akawonongeka wowakonza amasowa. Ku Chikwawa akukumba ngalande yaikulu ya ulimi wothirira, ndipo makina a m'minda imeneyo adzafuna anthu owadziwa bwino.

Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Tili ndi makoleji monga Soche, Nasawa, Salima, Namitete ndi Livingstonia, komanso makoleji a m'madera amene anayamba mu 2015. Wophunzira akachoka m'kalasi amakaphunzira ntchito kukampani kapena kwa mmisiri, ndipo n'komweko kumene mabwana amaona luso lake.

Makolo, khalani pansi ndi ana anu, muwafunse chimene amachitha, kenako mufufuze ngati chili ndi msika. Achinyamata, ngakhale munaphunzira ntchito kwa amalume, kalembeni mayeso a ntchitoyo mukhale ndi satifiketi, chifukwa makampani amaifuna. Phunziraninso kompyuta ndi kuwerengera mtengo wa ntchito yanu, kuti thukuta lanu lizikupindulirani.