Pa mlandu wa zimbale za Macheso, ine ndaima pa Simbaradzo

Abale anga a ku Malawi, a ku Chipata ndi ku Lusaka, a ku Tete ndi ku Lichinga, ndi inu amene mukusaka moyo ku Joni, landirani moni wochokera ku Epworth, kum'mwera chakum'mawa kwa Harare, kumene kuli miyala yosanjikizana ija imene inkaoneka pa ndalama za Zimbabwe. Ndabwera ndi mlandu umene unatikanika Loweruka lapitali pa mashopu a pa Overspill. Funso lake n'lakale ndithu kuno: mwa zimbale zonse za Alick Macheso, kodi choposa zinzake n'chiti?

Mnyamata wina woitanira makombi anati Zvido Zvenyu Kunyanya, ndipo mawu atamuthera anaimirira n'kuyamba kuvina "Madhawu" pafumbi. Mayi wina wogulitsa tomato anati Zvakanaka Zvakadaro, wotsutsa akagule tomato kwina. Mkulu wina wa imvi anatiyesa tonse ana, n'kunena kuti Macheso weniweni anatsalira ku Khiama Boys. Ine nditatchula Simbaradzo anandiseka, amvekere tsobola wakale sawawa. Paphokoso lotere munthu sumaliza chiganizo, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba, kuti ondiseka aja adzandiyankhe ndi mfundo.

Kwa amene simumudziwa bwino munthuyu, Macheso anabadwa m'chaka cha 1968 ku Shamva, ndipo magazi ake ndi a ku Malawi. Anakulira pafamu, m'komboni ya antchito. Atafika ku Harare anaimba zaka zambiri m'gulu la Khiama Boys motsogozedwa ndi Nicholas Zakaria, amenenso anali mwana wa Amalawi. Atachokako anayambitsa Orchestra Mberikwazvo, n'kutulutsa Magariro mu 1998, Vakiridzo mu 1999, Simbaradzo mu 2000, Zvakanaka Zvakadaro mu 2001, Zvido Zvenyu Kunyanya mu 2003, Vapupuri Pupurai mu 2005, Ndezvashe-eh mu 2007, ndi zina pambuyo pake. Chamba chake ndi sungura, nyimbo za magitala ndi ng'oma zothamanga, zimene mizu yake ili ku rumba ya ku Congo ndi benga ya ku Kenya koma zinakulira m'migodi, m'mafamu ndi m'malokeshoni a Zimbabwe. Liwulo ndi la Chiswahili, ndipo limatanthauza kalulu. Inu a ku Malawi amene munakanganapo za Kuimba 1 ndi Kuimba 2 ya Evison Matafale mukudziwa mmene mikangano yotere imatenthera, ndi mmene imalowera mpaka m'mabanja.

Ndisanawagwetse anzangawo, ndiyambe ndawapatsa zawo. Zvido Zvenyu Kunyanya n'chimbale chokoma kwabasi. "Madhawu", "Shedia" ndi "Charakupa" zikalira paukwati, ngakhale apongozi amaiwala manyazi. Gulu linali litakhwima, magitala akumvana ngati ana a mimba imodzi. Zvakanaka Zvakadaro nacho chinagulidwa ngati mchere, ndipo "Monalisa" inalowa m'nyumba iliyonse imene munali wailesi. Amene angakane zimenezi ndi wabodza. Koma zimbale ziwirizi zinadutsa panjira yolambulidwa kale, ndipo funso limene anzangawo amalizemba n'lakuti analambula njirayo ndani.

Takumbukirani mmene zinthu zinalili. Leonard Dembo anamwalira mu 1996. System Tazvida ndi John Chibadura anatisiya onse awiri mu 1999. Anthu ankanong'onezana kuti sungura yapita ndi eni ake. M'nyimbo za akuluakulu amenewo mfumu inali gitala yaing'ono yotsogolera, pamene besi inkakhala kumbuyo ngati mtengwa, kugwira ntchito yake osakweza mutu. Macheso anaitulutsa besiyo n'kuikhazika pabwalo. Pakati pa nyimbo zida zina zimachepetsa mawu, besi n'kutsala ikulankhula, ikufunsa n'kudziyankha yokha, ovina n'kumaiyankha ndi miyendo. Zizindikiro zake zinalipo kale pa Magariro ndi Vakiridzo, koma chipatso chinapsa pa Simbaradzo. Kuchokera pamenepo mnyamata aliyense wofuna kuimba sungura anayamba kuthamangira besi, ndipo magulu otsanzira Macheso anachuluka mpaka kukhala nkhani ya m'manyuzipepala. Zonse zimene mumazikonda pa Zvido Zvenyu Kunyanya, kadulidwe ka nyimbo pakati, mfuu yoitanira ovina, besi yolankhula, ndi ana obadwa m'nyumba ya Simbaradzo. Kutama mwana n'kunyoza make ndi mwano.

Komanso chimbale timachiyesa chonse, kuyambira nyimbo yoyamba kufikira yomaliza. M'masiku a makaseti, kudumpha nyimbo kunali kudya mabatire, ndipo chimbale chokhala ndi nyimbo yozizira chinkadziwika msanga chifukwa anthu ankatulutsa kaseti n'kuizunguza ndi cholembera. Simbaradzo sitinaizunguzepo. "Amai VaRubhi", "Petunia", "Nguva", "Kunyarara Zvavo", "Kusekana Kwanakamba", "Mundikumbuke": tandiuzani imene mungaichotse. Muli za chikondi, za m'banja, malangizo ndi maliro, zonse zoyalidwa mwadongosolo, moti kaseti ikafika kumapeto umangoitembenuza.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhazika pansi, chifukwa kwa ife a kuno nkhaniyi imapitirira magitala. Agogo anga anachoka ku Dedza pa nthawi ya Mthandizi, kudzalima fodya wa azungu, ndipo sanabwererenso. Kwathuko anthu otere mumawatcha matchona. Kuno ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, kapena mabwidi, kapenanso anthu opanda mutupo, ndiye kuti opanda mfunda, opanda kwawo. Ana a m'makomboni tinaphunzira msanga kuti Chichewa n'chapakhomo: ukafika pageti la sukulu umachivula ngati nsapato zamatope. Ambiri anasintha ndi maina omwe.

Ndiyeno kunadza chaka cha 2000. Kulanda mafamu kutayamba, dziko lonse lapansi linkakamba za azungu amene anataya minda ndi za eni nthaka amene anailandira. Za antchito a m'makomboni ndi ochepa amene ankazitchula, chonsecho ambiri mwa iwo anali ana ndi zidzukulu za Amalawi, Azambia ndi Amozambiki, opanda mudzi woti n'kuthawirako. Ena anapita kukakumba golide m'maenje, ena anadzadzaza malo ngati Epworth, kumanga tinyumba ta zidina zosawotcha kumene kunapezeka mpata. Banja lathu linafika kuno m'njira imeneyo, katundu ali pamutu. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: aliyense amene akanatha kutchedwa nzika ya dziko lina anayenera kuukana unzikawo m'miyezi 6, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu obadwira pafamu, amene Malawi sanamuonepo ndi maso, anauzidwa kuti akakane dziko limene sankalidziwa. Pa chitupa cha amayi anga panalembedwa liwu lakuti ALIEN, ndipo anthu ambiri onga iwo anapezeka kuti sangavote.

M'chaka chomwecho cha 2000, pamene kulankhula Chichewa pagulu kunali kudziulula, nyimbo imene inagwira dziko lonse inali "Mundikumbuke", ya m'Chichewa. Inkalira m'makombi a mu msewu wa Chiremba, m'mabala a ku Mbare, pa wailesi ya boma, m'maukwati a anthu omwe aja ankatitcha mabwidi. Ndinaona ndi maso anga bambo wa Chishona, amene dzulo lake ankaseka kalankhulidwe ka agogo, akuimba mawu a chilankhulo cha agogowo ndi mtima wonse, kenako n'kutembenukira kwa ine kundifunsa tanthauzo lake. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuti munthu andifunse kanthu chifukwa chakuti ndimadziwa Chichewa. Nyimboyo ndi kulira kwa munthu wotsala yekha, wopempha kuti asaiwalike. Ena ankaivina chabe. Ife amene tinali titangotaya nyumba, ntchito ndi dziko, tinkaimva ngati kuti woimbayo wakhala nafe pamoto usiku wathawu.

Ndikudziwa zimene muyankhe, ndipo ndiziyankhiretu. Mudzati Macheso sanali woyamba kuimba Chichewa m'dziko muno. N'zoona. Nicholas Zakaria ali ndi nyimbo zake za Chichewa, monga "Zomvelamvela", ndipo abale awiri a Pengaudzoke, Daiton ndi Josphat Somanje, nawonso ana a m'mafamu, sanachite nacho manyazi chilankhulochi. Ulemu wawo sindikuwalanda. Koma kuimba Chichewa kuti a m'komboni asangalale n'kosiyana ndi kuchiika pakamwa pa dziko lonse, pa chimbale chimene chinakuveka ufumu, m'chaka chimene eni chilankhulocho akupirikitsidwa. Chachiwirichi anachichita ndi Macheso, ndipo anachichita pa Simbaradzo.

Mudzatinso Macheso sanalinge zandale, ankangoimba. Mwina n'zoona, ndipo sindikumuveka chipewa chimene sanachipemphe. Koma mvula ikagwa pa nthawi yake sitifunsa ngati mtambo unalinga munda wathu. Chimbale timachiyesa ndi zimene chinachita chitafika m'makutu a anthu. Mukachotsa anthu ndi nyengo yawo pa muyeso wanu, mwatsala ndi mawaya ndi zikopa za ng'oma basi, ndipo pamenepo ngakhale makina akhoza kuweruza mlanduwu.

Mudzati nyimbo imodzi siingasenze chimbale chonse. Ndanena kale kuti zinzake zisanu zija palibe yopunduka. Koma ngakhale zikanakhala zapakatikati, ndikanafunsabe kuti pa Zvido Zvenyu Kunyanya kapena pa Vapupuri Pupurai ndi nyimbo iti imene inachititsa munthu wobisa mtundu wake kuutchula poyera. "Madhawu" inatithyola miyendo, sindikana, koma m'mawa mwake tinadzuka tili anthu omwe aja.

Ndipo pali yankho lina limene limandiwawa koposa, chifukwa limachokera kwa inu abale a kumudzi. Ndamvapo ena akuti Chichewa cha Macheso n'chopindika, chonunkha Chishona, chosayenera kuchinyadira. Inde, si Chichewa cha pa MBC kapena cha m'mabuku a sukulu. N'Chichewa cha m'komboni, chimene chakhala mibadwo itatu pakati pa Chishona, Chisena, Chiyao ndi Chilapalapa cha akapitawo, popanda buku, popanda mphunzitsi, chosungidwa ndi amayi pamtondo ndi gule wamkulu kudambwe. Kuti chidakali moyo n'chodabwitsa kale. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo akabwerako sumufunsa chifukwa chake akununkha matope a dziwe lina. Nanga inu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amene simutha chiganizo popanda mawu atatu a Chingerezi, ndi inu a ku Lusaka amene Chinyanja chanu chadzaza Chibemba, mukuseka chiyani? Pa Simbaradzo pomwepo pali nyimbo imene mutu wake ndi mwambi wa Chishona wonena za akamba osekana, chonsecho onse asenza chigoba. Kwathu timati anyani amasekana zikundu.

Lero zinthu zinasinthako pa pepala. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo anabwezera unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC. Pa National FM Chichewa chimamveka. Koma tapitani ku Domboramwari kapena ku Munyuki madzulo, mumvetsere ana akusewera. Zidzukulu za anthu a ku Dedza, ku Ntcheu, ku Katete ndi ku Angonia zikulankhula Chishona ndi Chingerezi, ndipo agogo akayankhula zimangoyankha ndi mutu. Ana anga omwe, ndikuvomera ndi manyazi, Chichewa amachimva koma kuyankha amayankha m'Chishona. Liwu limene onse amalitchula bwinobwino, mosapunthwa, ndi mutu wa nyimbo ija. Mwana wanga wamkazi atandifunsa tanthauzo lake, tinayambira pamenepo: kukumbuka, kukumbutsa, chikumbutso, mpaka tinafika pa dzina la mudzi wa agogo ake. Phunziro limene sukulu sinamupatse linachokera pa kaseti ya zaka zoposa 20.

N'chifukwa chake sindivomera kuti mkanganowu ndi wa pamowa chabe, woti aliyense ali ndi makutu ake. Tikamasankha chimbale choposa zinzake timakhala tikusankha chimene tidzauze ana kuti ayambire pamenepo. Mshona wa ku Mbare akasankha Zvido Zvenyu Kunyanya ndilibe naye mlandu, wasankha ndi miyendo ndipo miyendo yake siinanama. Koma mwana wa m'komboni, amene amayi ake anayenda ndi chitupa cha mlendo m'dziko lobadwira, akamaika Simbaradzo pambuyo chifukwa chakuti china chimavinika bwino, ndiye kuti waiwala kumene kunagwa mchombo wake.

Tsono inu a kutali, ipezeni Simbaradzo, muimvere yonse osadumpha, kenako mubwere mudzanditsutse. Wotsutsa atchule chimbale chake, atchule nyimbo, atchulenso chimene chimbalecho chinachitira anthu ake. Kwa mnyamata wa makombi uja, mayi wa tomato ndi mkulu wa imvi, Loweruka likudzali ndidzakhala pa Overspill pomwe paja dzuwa likapendeka, ndipo sipika ndibweretsa ndekha.