Mwana Salavula Makhololo, Nanga Matenda Tiwaone Bwanji?

Wamkulu akadwala chifuwa amapatsidwa kabotolo kolavuliramo makhololo, ndipo a kulabotale amapeza kachilombo kamene kakumuvutitsa. Mwana wa zaka ziwiri sangatero. Akatsokomola, makhololo amangowameza. Kwa mwana wodwala cystic fibrosis, apa ndi pamene tizilombo timabisalira.

Cystic fibrosis ndi matenda obadwa nawo, amene Dr Dorothy Andersen wa ku New York anawafotokoza mu 1938. Mwana amawatengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, ngakhale iwo eni sadwala. Makhololo ake amakhala omata ngati ulimbo, choncho mabakiteriya monga Staphylococcus aureus ndi Pseudomonas aeruginosa amaswana mosavuta m'mapapo. Pseudomonas ikapezeka msanga, mankhwala amatha kuichotsa. Ikakhazikika imavuta kuthana nayo, ndipo imawononga mapapo pang'onopang'ono.

Njira zoipezera zilipo zitatu. Yoyamba ndi kathonje kokhudza kukhosi mwana akamatsokomola. Ndi yachangu, koma imatenga za kukhosi, osati za pansi m'mapapo, motero "palibe kanthu" sikutanthauza kuti mapapo ali bwino. Yachiwiri ndi kulowetsa kachubu ka kamera m'mapapo, kuthiramo madzi pang'ono ndi kuwakokanso. Imeneyi imaonetsa zambiri, koma mwana amagonekedwa ndi mankhwala, ndiye siingachitike pafupipafupi. Yachitatu, mwana amapuma nkhungu ya madzi amchere kuchokera m'makina, makhololo amasungunuka, kenako amakokedwa ndi kachubu. Kafukufuku wa ku Cardiff wofalitsidwa mu 2018 anaonetsa kuti njirayi imapeza tizilombo tambiri kuposa kathonje. Madokotala a ku Cape Town akhala akuigwiritsanso ntchito pofufuza TB mwa makanda.

Komabe oyamba kuona kusintha ndife a pakhomo. Tikhale tcheru chifuwa chouma chikasanduka chonyowa, mwana akamapuma mofulumira, akamakana chakudya, akamatopa msanga posewera, kapena sikelo ikasiya kukwera. Tisadikire kuti thupi litenthe, pakuti ana amenewa nthawi zambiri amadwala m'mapapo thupi lisanatenthe n'komwe. Tilembe tsiku limene chifuwa chinayamba, ndipo kuchipatala tifunse kuti makhololo ayezedwe. Tisamupatse mankhwala otsala a munthu wina.

Matendawa ndi ofala kwambiri pakati pa azungu, koma ana akuda amabadwa nawonso, ndipo kuno ku Africa amasokonezedwa ndi TB kapena kunyentchera. Mwana akamadwaladwala chibayo, sakunenepa ngakhale akudya bwino, chimbudzi chake n'chamafuta ndi chonunkha kwambiri, ndipo khungu lake likumveka mchere pomupsompsona, tiwauze adokotala zonsezi pamodzi. Tiwafunse ngati n'zotheka kuyeza mchere wa m'thukuta lake, chifukwa ndiko kuyeza kumene kumatsimikizira matendawa.