Citsime Cili Pakhomo

Abale, m'matchalitchi akale a m'midzi ya ku France mukali zitsime za ubatizo zosemedwa pamwala m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200. Zambiri anaziika pafupi ndi khomo, pakuti ubatizo ndiwo khomo la Eklezia. Kudziko limenelo ndiko kunacokera Bambo Jules Torrend, amene anayambitsa misoni ya Kasisi mu 1905, nabweretsa ubatizo womwewo kwa makolo athu.

Nanga ife kuno ku Makeni? Nkhuku ndi zovala zoyera timakonza mosamala, koma posankha atate ndi amai a ubatizo timayang'ana thumba lao. Miyala ija anthu aisunga zaka mazana asanu ndi atatu. Cikhulupiriro ca mwana wathu adzacisunga ndani? Tisankhe anthu opemphera, odzamuyendera ngakhale phwando litaiwalika.