Bwalo la Mpira Si Malo Opanda Mwini

M'matauni athu aang'ono mwamera chizolowezi choipa choyesa bwalo la mpira ngati tchire. Wofuna njira yachidule amadutsa pomwepo, woweta mbuzi amamangirira pomwepo, wandale amazika nsanja yake pomwepo, ndipo wogawa mapuloti amafika ndi chingwe nayamba kubenthula m'mbali. Mchitidwe umenewu ndi umbava, ndipo amene tikuwabera ndi ana athu omwe.

Amene amapeputsa mabwalo ameneŵa akumbukire chaka cha 2017. Bwalo la Kamuzu ku Blantyre litatsekedwa kuti likonzedwe, matimu akuluakulu adasoŵa mtengo wogwira. Wanderers idathaŵira ku Balaka, ndipo chaka chomwecho idatenga ligi. Bullets idatsikira kuchigwa cha Shire kukaseŵera pabwalo la Kalulu ku Nchalo. Mabwalo onyozekawo ndi amene adapulumutsa mpira wa mumzinda.

Mbiri ya Nchalo ili ndi phunziro. Tauniyi, yomwe ili pamseu wa M1 m'boma la Chikwawa, idakula chifukwa cha nzimbe zimene Lonrho idayamba kulima m'zaka za m'ma 1960 kudzera m'kampani ya Sucoma. Illovo idagula mindayo mu 1997. Bwalo la Kalulu ndi la kampani ya shuga, monganso la Chitowe ku Dwangwa, komwe timu ya asilikali ya MAFCO yakhala ikuseŵerera. Tsono ngati amalonda, amene amaŵerengera mzere uliwonse wa nzimbe, adaona chanzeru kupatula malo a mpira, kodi khonsolo imene ntchito yake ndi kutumikira anthu ingapereke chifukwa chanji chogulitsira bwalo?

Ena amati kubenthula pang'ono sikuononga kanthu. Ameneŵa sadziŵa kuti bwalo lili ndi miyezo yake. La maseŵero a pakati pa maiko limayenera kukhala mamita 100 mpaka 110 m'litali ndi 64 mpaka 75 m'lifupi. Golo ndi mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 msinkhu. Akatswiri amalangiza kuti magolo aloze kumpoto ndi kumwera kuti dzuŵa lamadzulo lisathobwe wapagolo, ndipo malo okhala afoleredwe chakumadzulo. Kunja kwa mizere kumafunika mpanda wolekanitsa oseŵera ndi oonerera, zimbudzi, zipinda zovalira, ngalande zamadzi ndi zipata zokwanira. Zipatazo si zokongoletsera ayi: pa 6 July 2017 anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, adafa popanikizana pachipata cha bwalo la Bingu ku Lilongwe. Wodula mamita khumi kuti pamangidwe golosale wadula malo othaŵira anthu.

Enanso amati dziko losoŵa mankhwala m'zipatala lisatayire ndalama pamaseŵero. Mfundoyi ndi yomveka, koma yaphonya. Kusunga bwalo lomwe lilipo kale sikulira ngongole monga idalirira bwalo la Bingu, lomwe lidamangidwa ndi ngongole ya ku China. Kumalira chikwanje, madzi, njerwa ndi kukhulupirika. Ndiponso oseŵera amene timawaombera m'manja ku Lilongwe sabadwira pabwalo lalikululo. M'mera mpoyamba: mwana amaphunzira kumenya chikopa pafumbi la kwao. Mukamlanda bwalo, mwamtumiza kumowa ndi kujuga.

Choncho makhonsolo alembetse malo a mabwalo kuti malire ake adziŵike mwalamulo. Magalimoto asaloŵe pakapinga, ngakhale a bwana wamkulu chotani. Wochititsa msonkhano alipire, ndipo akwirire maenje amene wakumba. Ndalama zapachipata zilengezedwe poyera, gawo lake libwerere kukakonza bwalo. Mafumu, aphunzitsi ndi makolo, musadikire kuti wina achokere kulikulu kudzakulankhulirani. Pamene pamangidwa nyumba sipadzameranso kapinga, pakuti madzi akatayika saoleka.