Mpando Ukasowa Mwini

Mpando ukasowa mwini, maso athu amathamangira kwa amene adzakhalapo. Timaiwala kuyang'ana munthu amene wapatsidwa mphamvu yosankha, conseco zinthu zimayamba kupotoka m'manja mwa iyeyo. Nkhani ziwiri za ku America zitithandize kuona zimenezi.

M'cigawo ca Indiana muli yunivesite ya Akatolika, Notre Dame, yochuka ndi mpira wao uja wogwira ndi manja, wonga ragibe. Kumeneko mphunzitsi wa timu amadziwika kuposa aphunzitsi a m'kalasi. Mu Disembala 2001 akuluakulu anacotsa mphunzitsi Bob Davie, ndipo patapita sabata imodzi analengeza kuti wolowa m'malo ndi George O'Leary. Munthuyo anakhala pa nchito masiku 5 okha. Zinaululika kuti digiri yaciwiri imene inalembedwa pa mbiri yake sanailandire konse, ndiponso kuti sanasewere mpira ku koleji monga ananenera. Analakwa, inde. Koma bodzalo linakhala pa pepala zaka zambiri, ndipo omulembawo sanafufuze. Disembala ndi nyengo yolimbirana anyamata aluso ocokera ku sekondale, motero timu iriyonse imaopa kucedwa. Akadakumbuka kuti kuona maso a nkhono nkudekha!

Nkhani yaciwiri ndi yoipa koposa. Pamene Barack Obama anasankhidwa kukhala Pulezidenti mu 2008, mpando wake wa ku Senate unatsala wopanda munthu. Lamulo la cigawo ca Illinois linapatsa bwanamkubwa Rod Blagojevich mphamvu yosankha yekha wolowa m'malo. Apolisi a FBI, amene anali kumvetsera foni yake, anamumva akufunafuna phindu pa mpandowo ngati wogulitsa mbuzi pa msika. Anamugwira pa 9 Disembala, komabe mwezi womwewo iye anasankha Roland Burris. Burris sanapezedwe ndi mlandu m'khoti, koma cikaiko ca anthu sicinamucoke, ndipo sanaime pa cisankho ca 2010. Bwanamkubwa uja anacotsedwa mu Januwale 2009, naweruzidwa mu 2011 kukhala m'ndende zaka 14. Pulezidenti Donald Trump anamutulutsa mu 2020.

Ife Akatolika chimo logula ndi kugulitsa udindo sitiridabwa: Mpingo unalipatsa dzina la Simoni wa ku Samariya, amene anafuna kugula mphatso ya Mzimu Woyera ndi ndalama. Koma buku lomwelo la Macitidwe a Atumwi limatisimbiranso za malo amene Yudasi anasiya. Petro anaimirira pamaso pa abale ngati 120, nayamba wafotokoza poyera munthu wofunika: woyenda nao kuyambira pa ubatizo wa Yohane kufikira tsiku limene Ambuye anakwera kumwamba. Apo onse anadziwa muyeso asanamve dzina. Anaimika awiri, Yosefe Barsaba ndi Matiya, napemphera, nacita maere, ndipo anagwera Matiya. Petro anali mutu wa atumwi, koma sanasankhe munthuyo yekha.