Kagalu ka masiku atatu sikafuna bafa

Chaka chatha mu July, mufana wina wa pa komboni pathu anagogoda pa geti yanga m'mamawa, atanyamula katoni. Galu wake, cross ya German Shepherd, anabala tugalu 7 pa Mande. Pofika pa Chinayi, kasitoma wa pa Facebook ati “tumani mapikicha.” Mufana anayang'ana tugalu, anaona tuli na zakuda kumatako, tununkhako. Anatenga beseni, madzi a pa pompi na ka shampu ka mlongo wake, nkutusambika tonse, nkutuyala pa saka pa khonde kuti tuume. Mapikicha anatuluka bwino maningi. Pofika pa Chiwelu, tunayi tunali tutafa, ndipo m'katoni muja munali tutatu totsala, tozizira monga botolo ya mu fridge.

“Mudala, nanga nalakwa chani? Ninali kufuna chabe kuti tukhale twa clean.”

Ndiye nkhani ya lero iyi. Ambiri a imwe mwayamba kusunga agalu ngati bizinesi, ku Chawama, ku Matero, ku Mtendere, ndipo si zoipa, pali ndalama. Koma ngati muiwala zonse zimene nilemba pano, sungani chimodzi: pa milungu yoyamba, ukhondo wa tugalu uli pa malo pamene tugona, pa make, na m'manja mwanu. Kagalu keniko musakaike m'madzi.

Chifukwa chake bafa ipha

Kagalu kakabadwa, thupi lake silikwanitsa kudzitenthetsa lokha. Kadalira make na tunzake. Mlungu woyamba, pakona pamene tugona pafunika kutentha kwa madigiri 29 mpaka 32, ndipo mumachepetsa pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 23 pofika mlungu wachinayi. Manje ganizani Lusaka mu June na July, pamene usiku kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, na imwe akulu mugona na bulangeti ziwiri. Kagalu konyowa m'mphepo yotere kamazizira mu mphindi zochepa chabe.

Kakazizira, mimba yake imaima. Kaleka kuyamwa, olo mukapatse mkaka sugayika. Shuga m'thupi imatsika, kafooka, kalira mosalekeza, kenako kakhala zii. Nthawi zambiri make amakakankhira pambali, ndiye anthu amati “make akakana.” Kawirikawiri make amakana kagalu kamene kazizira kale kapena kadwala.

Ndipo ntchito ya kusambika ili kale na mwini wake. Mukaona make anyambita tugalu kumimba na kumatako, si chikondi chabe. Mpaka milungu itatu, kagalu sikakodza kapena kuchita chimbudzi kokha, kayembekeza lilime la make. Make amanyambita, zotuluka amadya, malo amakhala oyera. Anthu ena amamenya galu akaona izi, ati ni uve. Musiyeni, ali pa ntchito.

Chapani malo

Ntchito yanu iyambe tugalu tusanabadwe. Galu amakhala na mimba masiku pafupifupi 63, ndiye nthawi yokonzekera ilipo. Pezani bokosi ya mapulanga kapena katoni yaikulu yolimba, yoti make agone motambalala, m'mbali mwake mwatali pang'ono kuti tugalu tusatuluke. Osaiika pa simenti mwachindunji, simenti imakoka kutentha konse. Ikani mapulanga kapena makatoni angapo pansi, pamwamba manyuzipepala, pamwamba pake chitenge chakale kapena thaulo. Nsanza zili na ulusi wolendewera zichotseni, zimakola khosi na tumiyendo. Bulangeti yaikulu yopindikapindika nayo siyabwino, kagalu kamalowa mukati make nkukagonera.

Khalani na maseti atatu a zoyala: ili pansi, ili pa waya, na ina youma yoyembekeza. Sinthani tsiku lililonse, ndipo pakanyowa sinthani pamenepo, osati ati mailo. Chapani na sopo na madzi otentha, tsukuluzani bwino kuti fungo la sopo lichoke, yanikani pa waya padzuwa.

Apa mvetserani bwino, maka-maka mu mainza: putsi. Ntchentche ija imaikira mazira pa dothi kapena pa nsalu yonyowa imene ili na fungo la mikodzo, pamthunzi. Tumphutsi tukaswa tulowa m'khungu, ndipo khungu la kagalu ni lofewa. Pakapita masiku muona tuzithupsa tuli na kabowo pakati, nthawi zina kagalu kamodzi kali na khumi. Ndiye chifukwa chake zoyala siziyanikidwa pansi kapena pa maluwa, ndipo zikauma muzichise na nsimbi yotentha monga muchitira na matewera a mwana. Ngati putsi yalowa kale, pakani Vaseline pa kabowo kuti kamphutsi kasowe mpweya, kakaturutsa mutu finyani pang'ono katuluke kathunthu. Zikachuluka, kapena zili pafupi na diso, pitani kwa vet.

Malaiti akapita

Ambiri amayatsa babu pamwamba pa bokosi, ndipo imathandiza, mpaka load shedding ifike. Pamenepo ena amathamangira mbaula, nkuiika mu chipinda, nkutseka chitseko. Musayese. Malasha mu chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni umene suoneka ndipo sununkha, umene umapha na anthu omwe nthawi ya mphepo. Kagalu sikangapulumuke.

Njira yosavuta ni botolo. Thirani madzi ofunda mu botolo ya pulasitiki ya 2 litres, tsekani zolimba, kulungani mu thaulo, ikani mbali imodzi ya bokosi. Mbali inayo isiyeni, kuti kagalu kakamva kutentha kakwawe kachokepo. Madzi akazizira sinthani, olo ni 02:00 usiku. Tugalu tweni tudzakuuzani: tukaunjikana pamodzi tulira, kwazizira, tukamwazikana kutali-kutali tutsegula kukamwa, kwatentha maningi, tukagona phee pafupi-pafupi tumimba tokhuta, zonse zili bwino. Mu October vuto imatembenuka, nyumba ya malata imakhala uvuni, ndiye bokosi ikhale pamthunzi podutsa kamphepo.

Mukapeza kagalu kazizira, osayamba na mkaka. Kaikeni mukati mwa malaya anu, pa khungu, katenthe pang'onopang'ono kwa ola limodzi kapena kupitirira. Kakayamba kuyenda-yenda ndiye kabwezeni ku bele.

Nanga kakadetsedwa zoona?

Zimachitika. Make wina ni woyamba kubala sadziwa, wina tugalu twachuluka. Tengani kansalu kofewa kapena kotoni, viikani m'madzi ofunda, finyani mpaka kasadonthe. Pukutani pokhapo pali dothi, umitsani na thaulo nthawi yomweyo, bwezani kwa make. Palibe sopo, palibe Dettol, palibe pafyumu, palibe pauda. Kamchombo musakakoke, kamauma nkugwa kokha pa masiku awiri kapena atatu. Pakatupa, pakafiira kapena pakatuluka mafinya, ni nkhani ya vet tsiku lomwelo. Maso nawo amatseguka okha pakati pa masiku 10 na 14, osawatsegula na zala.

Ngati make wafa kapena alibe mkaka, make ni imwe. Mlungu woyamba tufunika kumwa pa maola awiri kapena atatu alionse, usana na usiku, mkaka wa tugalu umene ugulitsidwa ku mashopu a mankhwala a ziweto. Mkaka wa ng'ombe, wa mu paketi kapena wa ufa, umatsegula m'mimba. Pomwetsa kagone chamimba monga kayamwira kwa make, osati chagada monga khanda la munthu, mkaka ungalowe m'mapapo. Kakamaliza, sisitani kumunsi na kotoni yofunda mpaka kakodze. Botolo na nsonga yake muziwiritsa.

Gulani kasikelo ka mu kicheni, mupime kagalu kalikonse tsiku na tsiku, nkulemba mu buku. Kagalu kabwino kamalemera tsiku lililonse, ndipo pofika masiku 10 kamakhala kawirikiza sikelo imene kanabadwa nayo. Kamene kaima masiku awiri kali na vuto, olo kaoneke bwino m'maso.

Make akhale woyera, akhale wokhuta

Pambuyo pobala, pukutani make kumbuyo, m'miyendo na kumawele na thaulo ya madzi ofunda, nkumuumitsa. Tsiku loyamba onetsetsani kuti kagalu kalikonse kayamwa, chifukwa mkaka woyamba uja ndiwo uli na chitetezo ku matenda, ndipo thupi la kagalu limaulandira bwino m'maola 24 oyamba chabe. Zotuluka kumbuyo kwa make, zobiriwira poyamba kenako zofiirira, zimatha milungu ingapo, musaope. Koma zikayamba kununkha zoola, make watentha thupi, wakana kudya, kapena bele limodzi lalimba, latentha ndipo salola kuti muligwire, thamangani. Chimodzimodzi akayamba kunjenjemera, kupuma mwamsanga na kuuma miyendo: calcium yatha m'thupi, ndipo izi zimapha mu maola.

Galu woyamwitsa amadya kawiri kapena katatu kupambana masiku onse. Makoko a nsima na madzi a supu sizingapange mkaka wa tugalu 8. Mupatseni chakudya cha tugalu cha mu saka ngati thumba lilola, onjezani kapenta, mazira ophika na nyama, katatu kapena kanayi pa tsiku. Madzi oyera asachoke pafupi, ndipo mbale zitsukidwe tsiku lililonse.

Alendo, nsapato na parvo

Tugalu tukabadwa, yadi yonse ifuna kuona. Ana a aneba, ba landlord, makasitoma amene achokera kuona tugalu kwina. Kanani mwaulemu. Parvo, matenda aja a kuluka na kuthulula magazi, imayenda pa nsapato, pa zovala na m'manja, ndipo imakhala mu dothi miyezi yambiri. Imakonda tugalu twa milungu 6 kupita m'tsogolo, pamene chitetezo cha mkaka wa make chiyamba kutha, ndiye nthawi imene mwatsala pang'ono kugulitsa. Sopo wamba siyipha. Imene ipha ni Jik: kapu imodzi mu makapu 30 a madzi. Yambani mwachotsa zonyansa, thirani, yembekezani mphindi 10, tsukuluzani, pauma ndiye tugalu tubwerere. Jik osaisakaniza na mankhwala ena. Khalani na mapatapata a m'chipinda cha tugalu chabe, ndipo sambani m'manja musanatugwire na pambuyo pake. Kasitoma afuna kuona? Mutumireni vidiyo.

Nthata na nkhupakupa zimayamwa magazi, ndipo kagalu kalibe magazi ambiri. Tsegulani kukamwa: nkhama zikhale zofiirira, zikayera ni ngozi. Koma osapopera Doom, osatumiza mu dip ya ng'ombe, osapaka oilo ya galimoto. Pesani na chipeso cha mano ang'ono, zimene mwagwira ponyani m'madzi a sopo, chapani zoyala na madzi otentha, ndipo funsani vet mankhwala amene make woyamwitsa angapatsidwe.

Njoka za m'mimba tugalu twambiri tumabadwa nazo, tumazitenga kwa make. Mankhwala ayambe pa milungu iwiri, kubwereza pa milungu iwiri iliyonse mpaka milungu 12, make naye amwe. Izi ziteteza na ana anu, chifukwa mazira a njoka zija amakhala mu dothi limene ana aseweramo. Tuvi twa agalu wolani tsiku lililonse.

Kalenda yanu

Milungu 3 mpaka 4: tuyamba kuyenda na kunyambita phala lofewa. Apa make amachepetsa kuyeretsa, ntchito yanu imachuluka. Yalani manyuzipepala pakona ina kutali na pogona, tudzaphunzira kupita pamenepo.

Milungu 6 mpaka 8: nyeleti yoyamba ya katemera, kubwereza pa milungu itatu kapena inayi mpaka milungu 16. Ya chiwewe ni pa miyezi itatu. Ibayidwe na vet weniweni amene asunga katemera mu fridge ndipo apatsa kadi. Ku UNZA pa Great East Road kuli kiliniki ya sukulu ya madokotala a ziweto, ndipo boma lili na ofesi ya vet mu district iliyonse. Lamulo la Control of Dogs Act lifuna galu wolembetsedwa ndi wobayidwa katemera wa chiwewe.

Milungu 8: apa manje bafa yoyamba ingachitike, masana kuli dzuwa, madzi ofunda, shampu ya tugalu, kuumitsa mpaka pa khungu. Ndipo apa ndiye pogulitsa. Niziwa rent siyembekeza, koma kagalu ka milungu inayi kakafera kwa kasitoma, abwera kufuna ndalama zake, ndipo dzina lanu pa magulu a WhatsApp latha.

Mufana uja, tutatu twake tunapona, tinatutenthetsa m'malaya tsiku lonse. Galu wake anabalanso chaka chino. Ninapita kukaona pa mlungu wachitatu, ananiimitsa pa chitseko: “Mudala, vulani nsapato, sopo iyo apo.” Pa waya panali vitenge vitatu, pa tebulo buku ya masikelo. Tugalu 8, tonse tulipo, ndipo palibe kamene kanaonako beseni.